Wotchi ya ku Harare m'tinjira ta ku Zanzibar

Nditapuma pa ntchito ku fakitale ina ya ku Southerton mu Harare, kumene ndinatha zaka 30, anandipatsa wotchi yapamkono imene ndinkaikhulupirira kuposa wailesi. Wotchi imeneyi ndiyo inandichititsa manyazi pa ulendo umene mwana wathu wa ku Durban anatilipirira ine ndi mayi ake, kuti tikaone nyanja yamchere pa sitima ya alendo. Popeza ndinabadwira ku Nkhotakota ndipo ndinakwerapo Ilala ndili mnyamata, ndinauza anzanga kutchalitchi ku Highfield kuti pa nkhani za sitima palibe amene angandiphunzitse.

Sitimayo itafika ku Zanzibar inaima patali ndi gombe, ndipo ankatiwolotsa pa timaboti. Pakhomo lotsikira panalembedwa kuti boti lomaliza linyamuka 4:30 madzulo. Akuti usiku wake analengeza kuti tipititse mawotchi patsogolo ndi ola limodzi, pakuti kumeneko kumacha msanga kuposa ku Harare, koma ine ndinali m'tulo tofa nato nditakhuta mpunga ndi nkhuku zosalipira. Foni ndinaisiya pansi pa pilo, chifukwa munthu amene anamusolola m'thumba pa Mbare Musika sayenda ndi foni m'tauni yachilendo.

Ku Stone Town, tauni yakale ya ku Zanzibar, tinjira take ndi topapatiza moti galimoto silingalowemo, ndipo zitseko zake ndi zosema, zokhomedwa misomali ikuluikulu yamkuwa. Anatitengera ku tchalitchi cha Anglican chimene chinamangidwa pamalo pa msika wa akapolo wotsekedwa mu 1873, ndipo anationetsa mtanda wosemedwa ku mtengo wa ku Chitambo, umene patsinde pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone. Nditakumbukira kuti ambiri ogulitsidwa pamenepo anachokera kunyanja kwathu kudzera ku Kilwa, nthabwala zinandithera, ndipo mayi anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Potuluka anati, “Bambo, tiyeni tibwerere limodzi ndi anzathu.” Ndinayang'ana wotchi monyadira n'kuwauza kuti atsogole, ine ndikagula kaye zonunkhiritsa chakudya zotchedwa karafuu ku msika wa Darajani.

Kumsikako ndinamva anthu akutchula nyama, mbuzi, nyumba ndi moto, choncho ndinatsimikiza mumtima kuti Chiswahili ndi Chichewa chimene chinangolowa madzi amchere. Ndinakhala pakhonde ndi mkulu wina wogulitsa khofi wowawa m'timakapu tonga zivindikiro za botolo, ndipo pofuna kuonetsa luso ndinamufunsa nthawi. Iye anayankha kuti, “Saa kumi.” Wotchi yanga inkati 3 koloko, dzuwa lili phwee, ndiye ndinaseka mpaka khofi anatayikira pa malaya, ndikumumvera chisoni mkulu woganiza kuti ndi 10 koloko. Sindinadziwe kuti iwo amayamba kuwerenga maola kukacha, moti ola lawo lakhumi ndi 4 koloko madzulo. Ndinaitanitsa kapu yachiwiri.

Kenaka lipenga la sitima linalira, ndipo mnyamata wina amene anaona kakhadi ka sitima kakulendewera m'khosi mwanga anandionetsa foni yake, pomwe panalembedwa 4:15. Ndinathamanga ngati ndikuthamangira kombi yomaliza ya ku Machipisa, koma m'tinjira timeneto nyanja siioneka, ndipo chitseko chimodzi chimene panagona mphaka wakuda ndinachidutsa katatu. Ulendo wachitatu mphakayo sanadzutse n'komwe mutu. Aliyense amene ndinamufunsa ankaloza ndi dzanja akufuula kuti, “Kulia, mzee, kulia!” Ndinakwiya poganiza kuti akundiuza kuti ndilire, ngakhale kunena zoona misozi inali pafupi, pomwe iwo ankangotanthauza kuti ndikhotere kumanja. Pepala la karafuu linang'ambika, ndipo ndinasiya mzere wonunkhira m'njira yonse.

Mnyamata wa foni uja, amene ankanditsatira akuseka, anandigwira dzanja ngati mwana wa sukulu ya mkaka n'kunditulutsira kugombe pafupi ndi Forodhani. Boti linali litamasula kale chingwe chimodzi, ndipo wantchito wa m'botimo anandikokera mkati ndi lamba wa thalauza, anthu onse akuwomba m'manja. Mayi sanayankhule kanthu. Anangondivula wotchi ija, n'kuipititsa patsogolo ndi ola limodzi, n'kundivekanso pamaso pa azungu ndi amwenye onse.

Titabwerera ku Harare ndinawapempha kuti nkhaniyi ithere m'nyumba, ndipo anavomera, ngakhale kuti pofika Lachinayi amayi onse a Chigwirizano anali ataidziwa. Lamulungu lotsatira ndinavala suti n'kunyamuka ndekha, ndikudandaula kuti mayi akuchedwa ndi kumanga duku. Kutchalitchi ndinapeza chitseko chili chokhoma, ndipo ndinakhala pamasitepe ola lathunthu ndi mlonda, chifukwa wotchi ija inali idakali ku Zanzibar. Mkulu wa mpingo atafika ndi makiyi anandipatsa moni wa manja awiri n'kufunsa kuti, “Achimwene, boti lomaliza lanyamuka kale kodi?”