Maliro a Michael Jackson pa babashopu yanga

Anthu a ku Ndirande amene munalipo 2007 mukawerenga izi musayambenso zija chonde, ine mpaka lero ndimanenetsa kuti sindinaname. Michael Jackson anamwaliradi pa 30 Ogasiti 2007, ku London, wofuna kutsutsa agule bandulo akafufuze yekha. Pamene panavuta mpakafunso kamodzi kakang'ono komwe palibe anandifunsa nthawi ikadalipo, koti Michael Jackson wake uti.

Masiku amenewo ndinali ndi kababashopu cha kumtunda kwa msika, ndipo Maiko ndinkamukonda moti anthu ena dzina langa lenileni sankalidziwa, ankangoti kwa Maiko wometa. Posita yake inali pamwamba pa galasi, makaseti onse ndinali nawo, thalauza yolekeza m'mwamba mwa akakolo kuti sokosi zoyera zizioneka, ndipo pa ukwati akangoika nyimbo yake anthu ankapatuka okha kuti ndibwerere chambuyo ndi moonwalk yanga, yomwe pa simenti inkatheka ndithu koma pa fumbi ndinkangooneka ngati munthu akupukuta ndowe ku nsapato.

Ndiye Lachisanu pa 31, mwezi utangotha, ndinapita mtauni ku intaneti kafe kukaona imelo ya msuweni wanga wa ku Joni amene anandilonjeza mashini ometera. Ana a lero simungamvetse, intaneti tinkachita kuikwerera minibasi, ukafika umalipira mphindi, ndipo theka la mphindi zakozo linkathera kudikira kuti tsamba litsekuke. Imelo panalibe, msuweni ameneyo mashini sanatumize mpaka pano koma imeneyo ndi nkhani ina. Zitatsala timphindi tiwiri ndinati nditsekule tsamba la nkhani ndalama yanga isapite pachabe. Basi maso anga nkugwera pa kamutu kankhani m'munsi, Michael Jackson wamwalira ali ndi zaka 65, kunyumba kwake ku London.

Zaka 65 ndinaziona, sindikukana. Ndipo ine ndi amene ndinkadziwa pamtima kuti Maiko anabadwa pa 29 Ogasiti 1958 ku Gary, Indiana, dzana lake lomwelo ndinali nditameta ana ulele pokondwerera kuti wakwanitsa 49. Koma mumtima ndinangoti azungu nawonso amalakwitsa masamu. Za London sizinandidabwitse chifukwa chithereni mlandu wake uja mu 2005 munthuyu ankangoyendayenda, lero Bahrain mawa Ireland. Ndisanadine nkomwe kuti ndiwerenge zonse, mtsikana wa pakafe anabwera, bambo nthawi yanu yatha muwonjezera? M'thumba munangotsala ya transipoti.

Mu minibasi ndinalephera kuugwira mtima, ndinalengeza. Kondakitala anavula kapusi, mayi wina wa kumpando wa kumbuyo anafunsa kuti malemuwo anali a mpingo wanji, dalaivala anatsitsa wailesi. Koma ndalama kondakitala anatolera yonse, chisoni chake sichinafike pamenepo.

Nditafika ndinatenga nsalu yakuda yofunditsa makasitomala ija nkuphimba posita, kutulutsa sipika panja, kuika nyimbo zake zozizira zija, ine nkukhala pa benchi nditagwira tsaya. Mayunitsi onse a Celtel anathera kuimbira anzanga, ena ndinkangowaflasha akaimba ndiwauze. Tsopano apa mpamene zinthu zinachoka m'manja mwanga. Tianyamata tina tomwe tinkakonda kucheza pashopu tinathyola masamba nkuyala pamsewu, uku ndi uku, monga timachitira pakagwa zovuta. A njinga anayamba kutsika nkumakankha, azibambo kuvula zipewa. Ndipo uthenga ukamayenda pakamwa umanenepa, pofika kumsika sunalinso woti Michael Jackson wamwalira ayi, unali woti achimwene ake a Maiko wometa atisiya ku London.

Dzuwa lisanalowe ndinangoona azimayi a ku mpingo kwa akazi anga akubwera mondondozana, wina mtolo wa nkhuni pamutu, wina kabeseni ka ufa, kuyala mphasa kuseri kwa shopu nkuyamba nyimbo zapamaliro, sipika yanga azimitsa kale ati zachikunja zidikire kaye. Ine ndinkafuna kufotokoza koma bambo aliyense wondipatsa moni ankangoti limbani mtima achimwene, ndi njira ya tonse, ndiye munthu ungayambire pati.

Akazi anga ankagulitsa kaunjika ku Limbe. Anamvera m'njira, anthu akuwapepesa za alamu awo, ndiye anafika manja ali kunkhongo akulira mokweza mpaka azimayi anawathamangira kukawagwira. Atakhala pansi mtima utatsika pang'ono anandikokera pambali, bambo a mwana, ndi ndani kodi? Chifukwa iwo abale anga amawadziwa onse, ali ku Thyolo, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anagwirapo pasipoti. Ine nkuloza posita yophimba ija. Sanayankhe. Anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku sokosi zoyera zija, nkumanganso chitenje bwinobwino, kubwerera pa mphasa kukapitiriza kulira, poti akanatani anzawo atabwera kale ndi nkhuni.

Nthawi imeneyo mbale ya chipepeso inali itayamba kale kuyenda, bambo wina amene sindinamupemphe atatenga kope nkumalemba maina, ndipo poti kunali kutha kwa mwezi anthu anaponya ndithu. Wina anafunsa kuti thupi lifika liti pa Chileka. Wina anati ndege ya maliro ndi yodula bola akangowaika konko. Kenako komiti ya azibambo, yomwe inadzisankha yokha, inagamula kuti anthu sangachezere usiku kukhosi kuli gwa, ndiye gawo la chipepeso linasanduka mapaketi a Chibuku.

Cha m'ma eyiti kunatulukira amfumu. Eeh. Sanakhale nkomwe pampando umene tinawapatsa. Amvekere, kodi mudzi uno wasintha mwini? Maliro a m'mudzi mwanga ine ndizimvera kwa ana a m'njira? Ndani anakulolezani kuyala masamba? Pajatu mwambo wake umayamba wakagwada kwa amfumu kenako anthu nkumalira, ine zonsezo mutu sunafikeko. Pambuyo pawo panali aphunzitsi ena opuma ntchito, a dazi, amene sankasiyana ndi kawailesi kawo ka shotiwevu. Iwowo ndi amene anawononga zonse. Anati iwe, ine BBC ndatsegula kuyambira mamawa, munthu amene chimbale chake cha 1982 chinagulidwa kuposa china chilichonse padziko lapansi angafe wailesi nkumakamba zina? Ine nkuyankha monyada anthu onse akumva, aphunzitsi wailesi ndi zachikale, intaneti imayamba ndiyo kudziwa. Mpaka tinabetcherana, ndikapezeka wabodza ndiwameta ulele chaka chonse. Ndinkaona ngati ndachenjera poti mutu wake unali wopanda ntchito yambiri.

Loweruka m'mawa tinanyamuka anthu anayi, ine, aphunzitsi, nduna ya amfumu, ndi mkulu wina wa komiti ya Chibuku amene anangotitsatira mpweya wake ukuyenda patsogolo. Transipoti yochokera m'mbale yomwe ija. Titafika pakafe tinaunjikana pa kompyuta imodzi, ndinapeza nkhani ija nkudina, chithunzi nkuyamba kutsekuka pang'onopang'ono kuchokera pamwamba, mzere umodzi umodzi. Kunayamba tsitsi, losapesa, la imvi. Ndinati mavuto amakalambitsa munthu. Kenako chipumi cha mzungu. Ndinati ee, nanga simukudziwa kuti Maiko khungu linasintha kalekale, iye mwini ananena pa TV mu 1993 kuti ali ndi nthenda ya vitiligo. Kenako magalasi a maso. Ndinati ukalamba. Kenako mphuno, yonse yathunthu, apa nduna inayamba kukhosomola. Kenako ndevu. Aphunzitsi anati nanga izi? Ndinati munthu akadwala sameta, ine ntchito imeneyi ndimaidziwa. Chithunzi chitafika m'munsi panatulukira dzanja litagwira tambula ya mowa, thovu lili pamwamba. Pamenepo ndinalibenso choyankha, mkulu wa komiti uja ndi amene anayankhula, anati koma nkhope iyi ikuoneka ya munthu wabwino.

Aphunzitsi anavala magalasi awo nkuyamba kuwerenga mokweza uku akumasulira, mwadala, kafe yonse ikumva. Michael Jackson ameneyu anali Mngelezi wa ku Yorkshire, wobadwa 1942, mtolankhani, ndipo ntchito yake moyo wake wonse inali yolawa mowa nkumalemba za mowawo. Tangoganizani. Mu 1977, Maiko wanga asanakwane zaka 20, mnzakeyu anali atatulutsa kale buku lofotokoza mowa wa padziko lonse, kuugawa m'magulumagulu, uwu amaphika chonchi, uwu umakoma chonchi, ndipo anthu ambiri ophika mowa ku America ndi ku Ulaya amamutenga ngati mphunzitsi wawo. Mowa wa ku Belgium ndiye anautchukitsa kwambiri. Mu 1989 analembanso lina la wisiki, mtundu uliwonse nkumaupatsa malikisi pa 100 ngati mayeso. Anali ndi pulogalamu ya pa TV yongoyenda m'mayiko kusaka mowa. Kumapeto kwake ankadwala Parkinson's, nthenda yonjenjemeretsa thupi ija, moti anthu ena ankamuyesa waledzera asanamwe nkomwe, ndipo chinamutenga ndi mtima.

Mkulu wa komiti uja misozi inalengeza. Anati ndiye kuti dziko lino lili ndi ntchito zabwino ife sitinauzidwe. Ndipo pobwerera mu minibasi anali atakonza kale mfundo yoti akanene kwa amfumu, yoti Chibuku cha dzulo chinamwedwa moyenera, maliro anali a munthu wawo, ndiponso ife a Ndirande ndi oyandikana ndi fakitale ya Carlsberg ya ku Makata, yomwe mu 1968 inali yoyamba kumangidwa kunja kwa Denmark, ndiye malemuwa kwa ife ndi wachibale ndithu, kusamulira kukanakhala kupanda umunthu.

Amfumu mfundo imeneyo anaiseka koma sanailandire. Ine ndinadziteteza kuti dzina ndinatchula lolondola, imfa inachitikadi, London ndi London yemweyo, nanga bodza lili pati, zoti ndi achimwene anga sizinatuluke pakamwa panga. Anati zonsezo amva, koma masamba anayalidwa opanda chilolezo, nkhuku imodzi, ya moyo, osati kamwanapiye. Chipepeso ndibweze monga mwa kope lija. Kope limenelo linali lolembedwa mwaluso kwambiri, ngakhale amene anaponya makobidi analimo, ndipo gawo lomwe linasanduka Chibuku ndinabweza ine wa m'thumba mwanga chonsecho sindinalaweko. Ufa azimayi anatenga wotsala, nkhuni zinali zitapsa. Aphunzitsi aja dazi lawo silinandithandize kanthu, anati kubetcha kunali kwa banja lonse, mwezi ndi mwezi ankabwera ndi zidzukulu zitandandalika pa benchi. Dzina la Maiko wometa linafera pomwepo, ndinasanduka a BBC.

Tsopano pa 25 Juni 2009, usiku anthu atagona, foni kulira. Msuweni wa ku Joni yemwe uja, akuti aise tsegula TV, Michael Jackson wapita. Ndinamufunsa mafunso onse, wazaka zingati, akuti 50. Kuti, akuti Los Angeles. Ntchito yake, akuti iwe wapenga eti, woyimba! Munthu anali akukonzekera mashoo 50 ku London mwezi wotsatirawo, mankhwala ogonetsa a propofol omwe dokotala wake anamupatsa nkumutenga, dokotalayo anadzapezeka wolakwa kukhoti mu 2011. Ndinadzutsa akazi anga misozi ili mbwe, ndikuti mayi a mwana Maiko wamwalira. Iwo osatembenuka nkomwe, ati wa mowa uja anafa kale, uyu ndi wa fodya kapena? Gonani bambo.

M'mawa ndinapita pashopu maso ofiira, ndikauza munthu angoseka, a BBC mwayambanso, nkhuku ina ilipo? Tianyamata tija titakula pang'ono, kumafunsa ngati tikathyole masamba. Wailesi zonse zitayamba kuimba nyimbo zake tsiku lonse, mukuganiza alipo anabwera kudzapepesa? Aphunzitsi anangodutsa ndi kawailesi kawo nkunena kuti mwaona, akafa munthu weniweni wailesi imanena. Maliro enieni a munthu amene ndinkamukonda ndinalira ndekha, chitseko chotseka, voliyumu yotsitsa.

Azungunso nawo amatinena ife kuti Banda achuluka, Phiri achuluka, koma taonani. Michael Jordan wa basiketibo ndi Michael B. Jordan wa mafilimu si pachibale nkomwe, koma uyo bola anaganizira anthu ngati ife nkuikapo B pakati. A Jackson palibe anaganiza zoika chizindikiro.

Ndipo analipo wachitatu. Okutobala 2024 ndili phee kunyumba, gulu la pa WhatsApp la anthu akale a m'dera mwathu linayamba kulira motsatizana, aliyense akutchula ine, a BBC tatsimikizani, akuti Mike Jackson wamwalira. Ndinavala magalasi, poti pano nanenso ndimavala, nkuwerenga nkhani yonse mpaka pansi, chithunzi ndinachiona mpaka kumapazi. Ndinawalembera bwinobwino kuti uyu ndi General Sir Mike Jackson, msilikali, anali mkulu wa asilikali a pamtunda a Britain kuyambira 2003 mpaka 2006, ndi amene ankatsogolera asilikali a NATO ku Kosovo mu 1999 nkukana lamulo la bwana wake wa ku America lotsekereza asilikali a Russia pa bwalo la ndege la Pristina poopa kuyambitsa nkhondo yaikulu, wamwalira pa 15 Okutobala ali ndi zaka 80, sankayimba, sankavina, si m'bale wanga ndipo pasapezeke munthu wothyola tsamba ngakhale limodzi. Sipanathe mphindi, alamu anga a ku Chilomoni nkuyankha kuti pepani kwambiri ndi zovutazi alamu, ufa tibweretse kunyumba kapena kushopu?