Mawu othokoza anthu odzipereka a ku Lavenham

Ndikufuna kuthokoza kuchokera pansi pa mtima anthu odzipereka amene amasamalira tchalitchi cha St Peter and St Paul m'tauni yaing'ono ya Lavenham, ku Suffolk m'dziko la England, chifukwa anatilandira bwino kwambiri ngakhale kuti sankatidziwa.

Mayi ena achikulire, amene tinawapeza akukonza maluwa pafupi ndi guwa, anasiya ntchito yawo n'kutifotokozera mmene tauniyi inakulira kuyambira mu 1257, pamene Mfumu Henry III inapereka chilolezo choti pakhale msika. Chuma cha malowa chinachokera ku nsalu zabuluu za ubweya wa nkhosa, ndipo banja la Spring, limene linalemera ndi malondawo, linathandizana ndi John de Vere, munthu wolemekezeka amene anali ndi udindo wa Earl wa Oxford, pomanganso tchalitchichi mpaka chinatha cha mu 1525. Mayiwo sanangolankhula pakamwa pokha, koma anatuluka nafe panja n'kutilozera nyenyezi ya banja la de Vere yosemedwa pamiyala ya nsanja, chinthu chimene patokha sitikanachiona.

Ndikuthokozanso bambo amene anatiperekeza kumsika, akutifotokozera kuti malonda a nsalu atalowa pansi anthu anasowa ndalama zomangira nyumba zatsopano, n'chifukwa chake nyumba zakale zamitengo, zina zopendekeka ndithu, zidakalipo mpaka lero. Kwa ine, kufotokoza umphawi wa makolo awo mosabisa chonchi kunali ulemu waukulu kwa mlendo.

Mayina anu sitinawafunse, koma mayi ndi bambo inu, komanso onse amene mumasesa ndi kutsegula tchalitchichi, zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.