Atate Athu timatha, nanga vesi yachiwiri ya nyimbo ya fuko?

Tadziyeseni nokha pomwe mwakhalapo, foni ikhale kaye pansi. Nenani Atate Athu kuyambira poyamba mpaka Amen. Ambiri amene tinakulira mtchalitchi, kaya ku Katolika, ku RCZ, ku Anglican kapena ku UCZ, tifika kumapeto bwinobwino olo tili ndi tulo m'maso. Manje yambani nyimbo ya fuko lathu la Zambia. Vesi yoyamba mudutsa, kolasi mudutsa ndi mawu okweza, koma tati yambani vesi yachiwiri, pamenepo anthu ambiri kuno ku Lusaka amangoti zii. Ndafunsa akuluakulu a kutchalitchi, ndafunsa anyamata a pasiteshoni ya minibasi kuno ku Chawama, ndafunsanso ana a achemwali anga amene ali ku sekondale, ndipo amene anandipweteka mtima ndi aja anayankha kuti "kodi amalume ilinso ndi vesi ina?"

Ilipo. Mavesi ndi atatu, ndiye palinso kolasi. Yachiwiri imanena za Africa ngati mayi wathu amene Mulungu anamuumba ndikumudalitsa, ndipo imatiitana kuti tikhale amodzi ngati abale. Yachitatu ndiyo ine imandikoma kwambiri, mmenemo ndimo muli dziko limodzi mtundu umodzi, muli ulemu ndi mtendere, mulinso nkhwazi ija timaiona pa mbendera tsiku ndi tsiku. Ndiye tangoganizani, mbalame ili pa mbendera, ili pa ndalama, koma vesi yoitchula ana athu sanaimvepo.

Sindikuti anthu sakonda dziko ayi. Amene anakhalapo ku National Heroes Stadium Chipolopolo kapena ma Copper Queens akusewera akudziwa mmene kolasi ija imagwedezera sitediyamu, anthu dzanja pamtima, ena misozi ikulengeza. Amene tinaonera fainolo ya Africa Cup of Nations ya 2012 ku Libreville pa TV tikukumbuka mmene tinaimbira titaimirira m'nyumba zathu, mumzinda womwewo umene ndege inagwera pafupi mu 1993 ndikutitengera pafupifupi timu yonse. Chikondi chilipo chambiri. Chimene chikusowa ndi mawu, ndipo mawu asowa chifukwa kulikonse kumene timaimba nyimboyi timadula, pa asembule kusukulu vesi yoyamba ndi kolasi basi ahedi ayambe zolengeza, pa mpira chimodzimodzi, pa zochitika zaboma nthawi zambiri chimodzimodzi. Mwana angaloweze bwanji chinthu chimene sanachimvepo chikuimbidwa?

Palinso vuto lina. Nyimboyi ambiri tinaiphunzira mu Chingerezi tili giredi wanu, tisanadziwe nkomwe Chingerezicho, ndiye tinkangotsanzira kamvekedwe ka aja a kutsogolo kwathu pamzere, ndipo nawonso ankatsanzira ena. Mukaima pafupi ndi ana a pulayimale akuimba mumvetsere bwino, nyimbo ili mmalo mwake koma mawu ena ndi phokoso chabe, ndipo ena amakula nalo phokosolo mpaka kumera imvi. Pomwe mawu a Chinyanja alipo, a Chibemba alipo, a Chitonga aliponso. Atate anga ku Katete ankaimba ya Chinyanja akusema mpini ndipo ukawafunsa ankakufotokozera mzere uliwonse, kuti apa akunena za ufulu umene anthu anamenyera, apa akunena za umodzi. Kuno ku Lusaka, kumene Chinyanja chili pakamwa pa aliyense mu basi ndi mumsika wa Soweto, ya Chinyanjayo kuimva ndi mwamwayi.

Chimene ambiri sadziwa nchakuti nyimbo ya fuko lathu inabadwira mtchalitchi. Chuni chake ndi cha Nkosi Sikelel' iAfrika, imene Enoch Sontonga, mphunzitsi wa pasukulu ya mishoni ya Methodist kufupi ndi Johannesburg, anapeka mu 1897 ngati nyimbo yopempha Mulungu kuti adalitse Africa. Inayenda ndi anthu omenyera ufulu mpaka kufika kuno, Tanzania inatenga chuni chomwecho, Zimbabwe inachigwiritsa ntchito mpaka 1994, South Africa nayo ili nacho mu nyimbo yake. Ife tinalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, mawu athuathu anachokera mu mpikisano pomwe anaphatikiza zolemba za anthu angapo, ndipo lamulo lokhazikitsa nyimboyi linadutsa ku palamenti mu 1973. Ndiye kolasi ija yotamanda Mulungu ndikupempha dalitso siinangogweramo, ndi pemphero kuyambira pachiyambi.

Alamu anga ndi a ku Mchinji, anakwatiwa kuno zaka zambiri zapitazo. Iwo ya kwawo ija ya Mulungu dalitsani Malawi, imene anapeka a Michael Sauka ndikuyamba kugwira ntchito mu 1964, amaiimba mu Chichewa ndipo palibe liwu limene amalimeza, akafika potchula adani aja, njala, nthenda ndi nsanje, amagwedeza mutu ngati akunena za anthu amene amawadziwa. Nditawafunsa vesi yachiwiri nawonso anayamba bwino kenako nkuima panjira, "alamu, imeneyo tinasiyira ku pulayimale." Nayonso ili ndi mavesi atatu. Ndiye matenda odula nyimbo si athu tokha, koma iwo kachidutswa kamene anasunga amakamva tanthauzo lake lonse, ndipo pamenepo atiposa.

Tsono nchifukwa chiyani mapemphero sathawa mmutu? Si kuti ndi afupi ayi, Chikhulupiriro cha Atumwi ndi chachitali kuposa vesi iliyonse ya nyimbo ya fuko. Nkhani ndi mmene tinawaphunzirira komanso kangati timawanena. Ife a RCZ, mpingo umene unayambira ku Magwero kufupi ndi Chipata mu 1899, tinadutsa mu kalasi, katekisimu mmanja, mkulu wa mpingo akufunsa funso iwe ukuyankha pamtima, Malamulo Khumi a pa Eksodo 20 motsatana osadumpha, Atate Athu monga alili pa Mateyu 6 kuyambira vesi 9 mpaka 13, ndipo ukalephera unkabwerera kukawerenganso, panalibe zoti bambo ako ndi ndani. Kenako Sande iliyonse mpingo wonse unkaimirira ndikunena pamodzi, mwana pambali pa agogo ake, mu chilankhulo chimene mwanayo amapemphera nacho nsima kunyumba. Chinthu chikalowa mwanjira imeneyo chimakhala.

A Katolika ndiye nkhani ina. Aneba athu amapemphera kolona madzulo, makamaka mu Meyi ndi mu Okutobala, ndipo kolona imodzi ya zigawo zisanu ili ndi Tikuoneni Maria ka 53 ndi Atate Athu ka 6. Mwana amene wakhala pamphasa ya mphakati mwezi umodzi wokha wamva pempherolo kambirimbiri moti sangaiwale ngakhale atafuna. Ana anga amene, si a Katolika, koma Tikuoneni Maria amamudziwa chifukwa amamumva kudzera pa khoma. Anzathu achisilamu nawo, mwana wa ku madrasa amanena Al-Fatiha yonse, mavesi 7, mu Chiarabu, chifukwa amene amaswali kasanu patsiku amainena ka 17. Palibe matsenga apa, ndi kubwereza pamodzi ndi anthu ena, tsiku ndi tsiku kapena sabata ndi sabata, moyo wonse. Nyimbo ya fuko ukangomaliza giredi 12 palibenso amene amakuimiritsa Lolemba m'mawa.

Koma ndisanamize kuti mapemphero ali bwinobwino, nawonso ayamba kuthothoka. Atate Athu akadalipo, koma tayesani Chikhulupiriro cha Atumwi kwa achinyamata a zaka 20, ambiri amayamba mwamphamvu pa Mulungu Atate wamphamvu zonse, akafika kwa Pontiyo Pilato mawu ayamba kuchepa, pofika pa chiyanjano cha oyera mtima ndi kuuka kwa thupi atsala ndi azimayi a Chigwirizano okha. Malamulo Khumi ndiye anthu amatchula asanu kapena asanu ndi limodzi, usaphe, usabe, usachite chigololo, lemekeza atate ako ndi amako, kenako kuyang'ana kudenga.

China chimene chasintha ndi kuchuluka kwa matchalitchi a Pentekosite mu komboni iliyonse, m'makalasi a sukulu, m'matenti, m'mashopu akale. Ambiri mwa iwo sanena mapemphero oloweza, amati munthu apemphere zochokera mumtima monga Mzimu wamutsogolera, ndipo ena amatchula Mateyu 6 vesi 7 pomwe Yesu analetsa kubwerezabwereza mawu chabe. Ine ndimawalemekeza, mng'ono wanga amapemphera kumeneko ndipo mavesi ali nawo mmutu ambiri kundiposa, Yeremiya 29 vesi 11, Masalimo 91, Masalimo 23 yonse, ndipo pomaliza mapemphero onse amanena chisomo cha pa 2 Akorinto 13 pamtima, kumenenso ndi kuloweza ndithu. Chimene ndimamuuza nchakuti tsika mavesi awiri okha kuchokera pa vesi 7 ija, upeza Yesu yemweyo akuti pempherani chomwechi, ndikupereka mawu. Mwana wake wazaka 10 sadziwa Atate Athu, ndipo zimenezi zimandidandaulitsa zedi, chifukwa ili ndi pemphero limodzi limene Mkhristu wa mpingo uliwonse angathe kunena limodzi ndi mnzake popanda mkangano.

Ndipo phindu lake limaoneka pamaliro. Lusaka ndi mzinda wa mitundu yonse, pamanda ku Chingwere kapena ku Leopards Hill mumakhala Achewa, Ansenga, Abemba, Atonga, Alozi, a mipingo yosiyanasiyana, ena sanapondeko mtchalitchi zaka khumi. Abusa akangoti tinene pamodzi pemphero la Ambuye, aliyense amayamba mu chilankhulo chimene anaphunzirira, uyu Chinyanja uyo Chibemba wina Chingerezi, a Katolika amaima pa mutipulumutse ku zoipa ndikudikira ife timalize za ufumu ndi mphamvu ndi ulemerero, koma Amen timafika limodzi. Pamenepo palibe buku, palibe sikirini, dzuwa likuswa, fumbi lili mmaso, wamasiye sangathe nkomwe kuwerenga chifukwa cha misozi. Zomwezonso usiku panyumba ya maliro, azimayi mkati akuimba mpaka mbandakucha azibambo ali pamoto panja, nyimbo zonse zija zimachokera mmutu, ndipo mukayang'ana amene akutsogolera ndi amayi azaka 50 kupita mtsogolo. Iwowa akadzatopa adzatsogolera ndani, funso limeneli limandivuta.

Pulojekita nayo yatipusitsa. Ndi yabwino kwa alendo ndi kwa amene akuphunzira nyimbo yatsopano, sindikana, koma maso akazolowera kuwerenga pakhoma mutu umasiya kusunga. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba magetsi nkumathima maola ambirimbiri patsiku, zinaonekera poyera. Sande ina magetsi anapita tili pakati pa nyimbo imene taimba kuyambira tili ana, khoma linangoti bii, ndipo mbali ya achinyamata mawu anazima nthawi yomweyo, ena nkuyamba kufufuza mu foni. Anapitiriza ndi agogo a kutsogolo, mavesi onse mpaka kumapeto, opanda buku. Mtsikana wina wa mkwaya anandiuza titatuluka kuti "atate, ine ndimaona ngati ndimaidziwa nyimbo ija." Sindinamudzudzule, chifukwa ndi ife akuluakulu amene tinapachika chinsalu chija ndikusiya kuwafunsa pamtima.

Timanyadira kuti ndife dziko la Chikhristu, a Frederick Chiluba analengeza pa 29 Disembala 1991, mu 1996 zinalowa mu mawu oyamba a malamulo a dziko, ndipo kuyambira 2015 tili ndi tsiku la mapemphero pa 18 Okutobala, patangotsala masiku asanu ndi limodzi kuti tikondwerere ufulu. Sabata imodzi yomweyo muli pemphero muli mbendera. Ine ndikanakonda sabata imeneyi ikhale yophunzitsa ana zinthu ziwirizi mokwanira, osati maholide awiri ongogona ndi kuchapa.

Sizofuna ndalama izi. Mavesi atatu ndi kolasi satenga mphindi zisanu. Sukulu itati iziimba nyimbo yonse kamodzi pamwezi, mwezi uno mu Chingerezi mwezi wamawa mu Chinyanja, ndipo aphunzitsi nkutenga piriyodi imodzi kufotokoza mzere ndi mzere, pofika giredi 7 mwana aliyense akhala nayo. Mawayilesi nawonso atati pa 24 Okutobala aziiulutsa yathunthu. Ku tchalitchi, ozimitsa pulojekita azizimitsa dala ikafika nthawi ya Atate Athu ndi Chikhulupiriro, amene sakudziwa amvere kwa mnzake wapambali mpaka agwire, monga tinagwirira ife.

Kunyumba kwathu tayamba kale. Tikatha kudya madzulo timanena Atate Athu mu Chinyanja, Loweruka timaonjezera Chikhulupiriro cha Atumwi, ndipo vesi yachiwiri ndi yachitatu ya nyimbo ya fuko ndazilemba pa katoni ndikukhoma pachitseko cha kukhitchini. Wamng'ono wagwira kale ya nkhwazi, wamkulu akulimbana ndi yachiwiri. Miting'i ya PTA ikubwerayi ndikaimirira ndikapemphe ahedi kuti chaka chino pa asembule ya ufulu ana aimbe mavesi onse atatu, ndipo makolo anzanga angapo avomera kale kuti akandithandiza kulankhula.