Zikomo amayi a pa Lizulu

Ndalephera kungokhala chete, ndiyenera kuthokoza amayi ogulitsa kabichi ndi kachewere pa msika wa Lizulu amene munathandiza mayi anga Loweruka lapitali. Tinali titangotsika minibasi kuchokera ku Ntcheu boma, iwo anangoti "mwanawe ndikuona mdima, mutu ukuzungulira" kenako miyendo inalobodoka, ine ndinangoti kakasi kusowa pogwira.

Mayina anu sindikuwadziwa koma munayala chitenje chanu pamthunzi nkuwagoneka, miyendo nkuisanjika pa thumba la kachewere kuti magazi abwerere kumutu, nkubalalitsa anthu amene anaunjikana aja kuti mpweya uziwafika. Ndipo munakana kuwamwetsa madzi mpaka atatsitsimuka bwinobwino, mumati angatsamwe. Nanunso achimwene a kabaza munawatengera kuchipatala nkukana ndalama, Mulungu akudalitseni kwambiri.

Kuchipatala anawayeza BP, shuga ndi malungo, ndiye zinapezeka kuti magazi ndi ochepa, kuphatikizapo anali asanadye kanthu chidzukire koma mankhwala a BP atamwa kale m'mawa. Anesi anatifotokozera kuti chizungulire chimabwera magazi akamafika ochepa ku ubongo, mwina chifukwa madzi achepa m'thupi kapena munthu waimirira mofulumira atakhala pansi nthawi yaitali, ngati mmene tinapanikizirana mu minibasi muja. Anatinso chikabwera limodzi ndi kupweteka pachifuwa, kukamwa kupindika kapena kulephera kuyankhula, osadikira mawa, kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo.

Pano akumwa mapilitsi owonjezera magazi, akupezako bwino ndipo akuti ndikupatseni moni nonse.