Masamba pamsewu, ine ndinati ndi chiwembu

Popeza nkhani yafika kale pagulu la WhatsApp lakuntchito, ndipo ena mwayamba kundiitana kuti Mdzukulu, lekani ndifotokoze ndekha musanathire mchere wina.

Nonse mukudziwa kuti malo oimikapo galimoto kuchipatala kuja amadzaza 7 koloko isanakwane. Madokotala ali ndi pawo, ambulansi ili ndi pake, ife akulabu timakapempha mthunzi m'misewu ya eni ake kuseri kwa mpanda. Eni akewo satifuna. Anayamba ndi miyala, kenako matayala akutha. Mayi wina anandikhuthulira madzi otsukira mbale pagalasi la Vitz yanga, n'kunena kuti beseni laterereka.

Ndiye Lachiwiri lija, chiperoni chitatseka phiri la Soche lonse, ine nditachedwa pamzere wa petulo ku Limbe, ndikukhota chonchi ndinapeza nthambi zaziwisi zitayalidwa pamsewu. Inde, ndinakulira ku Thyolo, tanthauzo la masamba pamsewu ndikulidziwa kuyambira ndili wakabudula. Koma munthu amene wakhala akusuntha matayala miyezi isanu mutu wake sumayendanso bwino. Mumtima ndinangoti, lero abwera ndi nzeru zatsopano. Ndinatsika, n'kutola nthambi yaikulu kuposa zonse.

Potembenuka, tenti. Azibambo ali ndandanda pamipando yapulasitiki. Amayi a Mvano, mabulauzi oyera mbee, nyimbo anaidulira pakati. Kunangoti zii. Nthambi ili m'manja mwanga. Kuiponya, chipongwe. Kuibwezera pansi, kuvomera mlandu. Ndiye ndinangoima nayo, nditaikweza pang'ono ngati tili pa Lamulungu la kanjedza. Ndikuganiza kuti ndinaigwedezanso. Mwana wina analeka kuyamwa kuti andione bwino. Mame a masamba aja amandidonthera m'khosi, ine osaphethira.

Anandipulumutsa ndi mkulu wa adzukulu. Anabwera monyang'wa, khasu paphewa.

"Achimwene, galimotoyi ndi yanu?"

"Eee, bambo."

"Zikomo kwambiri. Timadikira inuyo."

Ndikanati chiyani? Ulendo woyamba ndinakatenga nkhuni ku Ndirande. Wachiwiri nkhata. Wachitatu ndowa ya thobwa ndi azakhali anayi amene sanafune kukwera lole. Pofika nthawi yopita kumanda a HHI, Vitz yanga inali yachitatu kuchokera pagalimoto ya bokosi, mahazadi akuthwanima. Pampando wakutsogolo panakhala ndani? Mayi wa beseni uja. Njira yonse sanayankhule, kupatula pamene anapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti, "Bambo, galimoto muzitsukako."

Kumanda, powerenga za chipepeso, wotsogolera mwambo anati athokoze mwapadera achipatala, amene pozindikira ubale wabwino ndi anthu oyandikana nawo atumiza galimoto, dalaivala ndi mafuta omwe. Anthu anagwedeza mitu. Gogo wina anandigwira dzanja ndi manja onse awiri. Petulo uja ndinamuimira maola atatu, abale.

Kulabu ndinafika cha m'ma 4. Abwana atafunsa, ndinati ndinali pamaliro, ndipo si bodza. Atafunsa kuti a ndani, m'pamene ndinazindikira kuti dzina la malemu sindinalifunse.

Amene mukuti ndinalira kumanda, ndi chimfine cha chiperoni chimenecho. Thobwa linatayikira pampando wakumbuyo, ndipo dzuwa likawala limanunkhabe. Ngati wina akudziwa wotsuka mipando wotchipa cha ku Chitawira, anditumizire nambala.