Chipsera cha pa chala ndi maloko a mipeni yopinda

Chipsera chili pa chala changa chamkombaphala ndinachitenga mu Julayi, tikuphunzira kumezanitsa mapichesi kuno ku Bembeke. Ndinkafuna kuboola kansi kwa chubu chobzalamo mbande. Nditakankha ndi nsonga, mpeni unadzipinda wokha n'kutsekera chala. Aphunzitsi atandimanga bala anati, "Mpeniwu sunalakwe, mwaupatsa ntchito yosakhala yake." Sabata yotsatira anatiuza kuti aliyense abwere ndi mpeni wa m'thumba womwe angaupeze kunyumba.

Kufikira tsikulo, ine pogula mpeni ndinkangoyesa kuthwa kwake ndi chala chachikulu basi. Za chomwe chimagwira chitsulo kuti chisabwerere ndinalibe nazo ntchito.

Wanga uja, wotengera kapangidwe ka Victorinox ya ku Switzerland, ulibe loko n'komwe. Kumsana kwake kuli sipuling'i yomwe imangokanikiza tsinde la chitsulo. Ukamadula chingwe cha thumba la kachewere, mphamvu imapita kotsegula, ndiye palibe vuto. Ukabaya, mphamvu ikangokhotera pang'ono, chimatseka. Ndi zomwe zinandichitikira.

Womwe unatitengera nthawi yaitali ndi Okapi ya amalume, yomwe anabwera nayo kuchokera ku Joni. Mipeni imeneyi inayamba kupangidwa ku Germany mu 1902, ndipo mu 1988 ntchitoyo inasamukira ku South Africa. Sipuling'i yake ili poyera, pamwamba pa chigwiriro, ndipo ili ndi kabowo komwe kamakola dzino la patsinde la chitsulo. Ukamatsegula umamva kulira kwa timano, kenako "khwa", wakhazikika. Kuti utseke, umakoka kamphete kokweza sipuling'iyo. Chomwe chinandisangalatsa n'choti zonse zikuoneka ndi maso. Dothi likalowa umaliona, umalichotsa ndi kamtengo. Kwa munthu wotandala ku nazale, m'thumba muli mchenga ndi zinyenyeswa za manyowa, imeneyo si nkhani yaing'ono. Amalume amadandaula kuti dzina la Okapi linaipitsidwa ndi anyamata andewu, pomwe iwo asendera nzimbe ndi kusemera mipini zaka zambirimbiri.

Aphunzitsi anabweretsa Opinel ya ku France, nambala 8, ya chitsulo cha masentimita 8.5. Loko yake ndi mphete yozungulira pakhosi pa chigwiriro, yomwe anaiyambitsa mu 1955. Ukatsegula, umapotoza mpheteyo n'kutseka njira yobwerera chitsulo. Apa m'pomwe ndinamvetsa za chigwiriro. N'chamtengo, chobulungira, chodzaza m'manja. Ndinadula timitengo tomezanitsira kwa ola lathunthu popanda thuza, pomwe wanga uja, wosalala ndi wopyapyala, umandikakamiza kufinya mpaka dzanja kuchita dzanzi. Koma mtengo umamwa madzi. Ndi mame ndi nkhungu ya kuno ku Dedza, umafufuma n'kupana chitsulo mpaka chikhadabo kulephera kuchitulutsa. Aphunzitsi anationetsa mogogodera kumapeto kwa chigwiriro pa tebulo kuti nsonga itumphuke.

Mipeni yambiri yomwe anzanga anagula pamsika ndi ya loko ya kachitsulo kopyapyala ka mkati, yomwe amaitcha liner lock. Michael Walker wa ku America ndiye anaikonza bwino mu 1980. Ubwino wake, umatsegula ndi kutseka ndi dzanja limodzi, lina litagwira mbande. Ine ndimaiopabe, chifukwa potseka chala chachikulu chimayenera kulowa m'njira ya chitsulo kukankha kachitsuloko. Mnzathu wamanzere anavutika nayo zedi, poti inapangidwira dzanja lamanja. Tinayesa inayi potsamiza msana wa chitsulo pa thabwa, zala zili kutali, ndipo iwiri inamasuka, kachitsulo kake kanangokhudza tsinde m'mphepete. Loko yotero imaposa kuopsa mpeni wopanda loko, chifukwa umaikhulupirira.

Palinso ina yomwe mbali ya chigwiriro chenichenicho ndiyo imakhala loko, moti ukafinya umaithandizira kugwira. Anaitchukitsa Chris Reeve, wobadwira ku Durban, pa mpeni womwe anautcha Sebenza. Amalume atamva dzinalo anaseka, akuti m'Chizulu ndi "gwira ntchito". Umenewo tinangouona pa foni, mtengo wake si wa ife.

Ndinapempha amalume kuti andisiyire Okapi ija, anakaniratu. Pakadali pano wanga wakale ndausiyira zingwe ndi zipatso, machubu ndikuboola ndi msomali, ndipo ndatuma msuweni wanga yemwe akubwera kuchokera ku Joni pa Khirisimasi kuti andigulire wa kamphete. Ndamuuza kuti asanalipire autsegule, amve ngati walira "khwa", ndipo agwedeze chitsulo aone ngati sichikusewera.