Gawani 180, osati 360: nkhani ya msoko wa m'kaleidoscope

Msoko uja watsekeka tsopano, mtima wakhala m'malo. Amene mwapangapo kaleidoscope ya magalasi awiri, kapaipi kosuzumiramo kamene magalasi ake amachulukitsa mikanda n'kuoneka ngati duwa, mukuudziwa. Mukasuzumira duwa lonse limaoneka bwinobwino, koma kuseri, moyang'anizana ndi kachigawo kowala kwambiri kaja, pamakhala mzere pamene zithunzi ziwiri zikukanirana, ngati chitenje chimene telala walumikiza maluwa osayang'anizana. Timathamangira kuimba mlandu galasi, guluu kapena dzanja lonjenjemera, ndipo nthawi zina ndi zimenezo ndithu. Koma kawirikawiri cholakwa chimakhala m'masamu, masamu ake a mzere umodzi wokha: ngodya ya magalasi awiriwo iyenera kulowa mu 180 popanda chotsala.

Ambiri timagawa 360, chifukwa ndi zimene tinaloweza. Tiyeni titenge madigiri 72. Mu 360 amalowa kasanu ndendende, ndiye munthu n'kumayembekeza nyenyezi ya nsonga zisanu yopanda chilema. Siituluka. Kachigawo ka pakati pa magalasi ndi kenikeni, mikanda yeniyeni. Galasi lakumanzere limakatembenuza n'kukaika pambali pake, lakumanja nalo chimodzimodzi, kenako lililonse limatembenuzanso chithunzi cha linzake. Zithunzizo zimayenda m'mizere iwiri, wina kudzera kumanzere wina kumanja, ngati anthu awiri amene ayamba kulima pamalo amodzi mozungulira chulu kuti akakumane kuseri. Funso lonse lagona pa zimene aliyense wanyamula pofika pokumanapo.

Pa 72 kumanzere kuli zithunzi ziwiri, kumanja ziwiri. Chachiwiri chilichonse chatembenuzidwa kawiri, choncho chabwerera mmene chinalili, changosuntha malo. Zikamakumana, m'mphepete mwa kumanzere mwa kachigawo kenikeni kaja mumakhudzana ndi m'mphepete mwake mwa kumanja. Mkanda wofiira umene watsamira galasi lina ukuyang'anizana ndi kachidutswa ka botolo lobiriwira kamene katsamira galasi linalo. Sizingagwirizane, ngakhale mutayeza ngodyayo ndi makina.

Pa 60 zinthu zimasintha. Kumanzere ziwiri, kumanja ziwiri, kuphatikiza chenicheni ndi zisanu, ndipo patsala malo a kachigawo kamodzi. Kameneko ndi ka onse awiri: theka lachokera kumanzere, theka kumanja, lililonse latembenuzidwa katatu, ndipo matheka awiriwo ndi a chithunzi chimodzi. Amalumana osasiya chipsera. N'chifukwa chake zigawo zonse ziyenera kukhala chiwerengero chogawika pawiri, ndipo njira yachidule yonenera zimenezi ndi kugawa 180. Yankho lake ndilo chiwerengero cha nsonga za nyenyezi: 60 imapereka 3, 45 imapereka 4, 36 imapereka 5, 30 imapereka 6, 22.5 imapereka 8. Wofuna nsonga zisanu atseke magalasi pa 36, aiwale za 72.

Chopweteka n'chakuti David Brewster wa ku Scotland, amene analembetsa chipangizochi ngati luso lake mu 1817, anazinena zimenezi kalelo. Anati ngodya yogawa bwalo m'zigawo zosagawika pawiri imagwira pokhapokha chinthu choyang'anidwacho chili chofanana mbali zonse ziwiri, koma chikakhala chosafanana, monga mikanda yongogwa chigwereigwere, zigawo ziyenera kugawika pawiri. Ananenanso kuti zinthuzo zikhale pafupi kwenikweni ndi mapeto a magalasi, ndipo diso likhale pafupi ndi mzere umene magalasi akumanirana. Malamulo atatu, zaka zoposa 200 zapitazo. Koma m'mabuku a fizikisi a ku sekondale chimene chimatsala ndi kachiwerengero kaja, kugawa 360 ndi ngodya n'kuchotsapo 1, kowerengera kuchuluka kwa zithunzi osafunsa ngati zithunzizo zikugwirizana. Mwana amaloweza, amakhoza mayeso, amatuluka asanagwirepo magalasi awiri m'manja. Sindikunena kuti aphunzitsi sadziwa. Silabasi ndi yaitali, kalasi ndi yodzaza, teremu imatha nkhani ya kuwala itangoyambika. Komabe zidutswa ziwiri za kalilole wosweka ndi selotepi sizifuna bajeti ya boma, ndipo mphindi 10 zokha zikanachotsa chisokonezo chimene ena timakhala nacho mpaka kukula.

Chinthu china chimene chimatuluka m'ganizo lomweli: cholakwa cha ngodya chimachulukana. Mukafuna 36 n'kupeza 37, simunaphonye ndi digiri imodzi. Zigawo ndi 10, chilichonse chaba digiri yake, ndiye kachigawo komaliza kafinyika ndi madigiri 10. Pa magalasi otambalala mamilimita 38, mbali yachitatu yotseka kukamwa kwa ngodya ya 36 iyenera kukhala mamilimita 23.5. Ikapitirira ndi theka la milimita lokha, ngodya yakula ndi pafupifupi madigiri 0.8, pamsoko afika 8. Theka la milimita ndi kunenepa kwa mzere wa pensulo yosasongola bwino.

Ndiye protractor ya m'bokosi la masamu isiyeni m'bokosi momwemo. Njira imene ndimaikhulupirira, mwina mopitirira muyeso, ndi ya chilembo. Gonekani magalasi awiriwo chafufumimba pansalu yoyera, mbali yowala pansi, musiye mpata pakati pawo wa pafupifupi kawiri kunenepa kwa galasi. Pa galasi la mamilimita 3 ndiye mpata wa 5 kapena 6. Ukachepa, milomo ya magalasi imalumana musanafike pa ngodya yanu n'kuthetheka. Ukakula, pakati pa duwa pamatsala bowo lakuda. Matani tepi ya pepala kumsana kutalika konse, kuti atseguke ndi kutsekeka ngati buku. Lembani chilembo F chachikulu ndi maka yakuda pa pulasitiki yoyera, muchigunditse kumapeto kwa magalasi, ndipo suzumirani kuchokera kumapeto enawo diso lili pafupi ndi polumikizira. F ndi wabwino chifukwa kumanja kwake sikufanana ndi kumanzere, ndipo kumwamba sikufanana ndi kunsi. O kapena H angakunamizeni kuti 72 ili bwino. Tsekani pang'onopang'ono mukuwerenga zigawo. Mudzaona ma F awiri a kuseri akuyandikirana, akulowana, kenako phaa, asanduka mmodzi. Imani pomwepo. Panikizani kachidutswa ka katoni kukamwa, donthezani guluu wotentha, kenako tembenuzani muchitenso chimodzimodzi kumapeto enawo, chifukwa ngodya ikhoza kukhala 36 uku ndi 37 uko. Diso pa ntchito imeneyi limaposa chida chilichonse chimene tingakhale nacho pakhomo, popeza likuona cholakwa chitachulukitsidwa kale ka 10. Kwa ine njira zina zonse ndi kutaya nthawi, ngakhale ndikudziwa kuti odula magalasi ambirimbiri a muyeso umodzi amakhoma chikombole cha matabwa ndipo zimawayendera.

Mbali yachitatu ikhale katoni yakuda yosanyezimira, kapena nsalu yakuda yomata pakatoni. Ikanyezimira pang'ono pokha, kunja kwa duwa kumachita chifunga.

Za magalasi enieniwo ndiye pali nkhani. Kalilole wa m'nyumba ali ndi siliva wake kumsana, kuseri kwa galasi. Kuwala kumabwerera kawiri: kochuluka pa siliva, kochepa pankhope ya galasi, pafupifupi 4 peresenti kukagwa molunjika ndipo kochulukirapo kukagwa mopendekeka, monga mmene kumagwera m'paipi. Chithunzi chilichonse chimakhala ndi kamzukwa kake pambali, ndipo pofika potembenuza kachisanu mizukwayo yaberekana, m'mphepete mwa mikanda mwasanduka phala. Komanso siliva wa magalasi awiriwo sakumana, pakati pali kunenepa kwa galasi, ndiye mtima wa duwa umasweka. Chofunika ndi galasi la siliva pankhope. Kuliyesa n'kosavuta: gunditsani nsonga ya pensulo mofatsa. Nsonga ikapsopsonana ndi chithunzi chake, ndi lomwelo. Pakatsala mpata, ndi la m'nyumba.

Otere amapezeka m'mafotokope akufa, m'masikana akale onenepa aja ndi m'mapulojekita akale a m'kalasi. Masikana opyapyala a masiku ano ambiri alibe magalasi m'kati, musavutike kuwaphwasula. A m'sikana amakhala tizingwe topapatiza, choncho kaleidoscope yake imatuluka yowonda ngati chitoliro, koma chithunzi chake n'chakuthwa modabwitsa. Nkhope yake sichedwa kukalika: osapukuta ndi malaya, uzirani fumbi kaye, kenako thonje lonyowa ndi spirit, kamodzi, mbali imodzi. Mbale za m'hard disk nazo zimawala pankhope, koma n'zozungulira, zili ndi bowo pakati, ndipo zambiri za m'malaputopu ndi zagalasi, zimaphulika tizidutswa mukazipinda. Ma CD asiyeni, amamwaza kuwala kukhala utawaleza. Ena amasungunula penti ya kumsana kwa kalilole wamba ndi mankhwala ochotsera penti kuti siliva aonekere, n'kugwiritsa ntchito msanawo ngati nkhope. Zimatheka, koma siliva wosavala amakalika ngakhale ndi chala ndipo amada m'kupita kwa nthawi. Njira yosauka kwambiri ndi galasi la pawindo lopakidwa penti yakuda kumsana: mzukwa umachepa kwambiri chifukwa penti imameza kuwala kolowa m'kati, koma chithunzi chimakhala chamdima, chofuna dzuwa.

Mdimawo nawo uli m'masamu omwe aja. Tiyerekeze galasi likubweza 90 peresenti ya kuwala. Kachigawo komaliza pa 36 katembenuzidwa kasanu, katsala ndi 59 peresenti. Pa 22.5 katembenuzidwa ka 8, katsala ndi 43. Ndiye wogwiritsa ntchito magalasi otola asachite dyera ndi nsonga zambiri. 45 kapena 36 n'zokwanira.

Kudula mukudziwa: dontho la palafini pa kagudumu ka chodulira galasi, mzere umodzi osabwereza, thyolerani pamphepete pa tebulo, kwechani milomo ndi sandipepa wonyowa. Magalasi a mamilimita 200 m'litali ndi 38 m'lifupi amalowa bwino m'paipi ya PVC ya 50 yotsala kwa mapulambala, imene m'kati mwake ndi pafupifupi 46; yezani yanu musanadule. Chipepala cholimba chokulungirapo nsalu m'mashopu chimagwiranso. Mipata yotsala tsekani ndi siponji ya matiresi akale kuti magalasi asagwedere. Kabowo ka diso, mamilimita 6 mpaka 8, musakaboole pakati pa chivundikiro mwachizolowezi. Kasunthireni kufupi ndi kumene magalasi akumana, apo ayi zigawo za kuseri zimapendekeka n'kuda, ndipo mudzaimbanso mlandu ngodya yosalakwa. Kuseri kwa kabowoko matani pulasitiki yoonekera, chifukwa m'paipi muli magalasi odula ndipo ana amayang'ana chagada.

Diso la munthu wamkulu siliona bwino chinthu choyandikira kuposa mamilimita 250, ndipo wopitirira zaka 40 zimamuvuta koposa. Paipi ya 200 ndi yaifupi. Lenzi ya magalasi owerengera a pamsika imathetsa vutoli: gawani 1000 ndi mphamvu yake kuti mupeze mtunda umene imaonetsa bwino, +4 ikupatsani mamilimita 250, +3 ikupatsani 333. Iliyonse mwa ziwirizi ikaikidwa pa kabowo ka diso, mikanda imayera.

Kachipinda ka mikanda kakhale kakuya mamilimita 10 mpaka 15, kodzaza theka kapena kupitirira pang'ono. Kakadzaza kwambiri zinthu sizigubuduka. Kumbali ya magalasi pulasitiki yoonekera, kunja pulasitiki yoyera ya chigubu kuti imwaze kuwala. Mikanda yoonekera, zidutswa za mabotolo obiriwira ndi ofiirira zokwecha milomo, mapepala a maswiti, kawaya kopotana kamodzi kapena kawiri kuti pakhale mizere. Super glue musayandikize, nthunzi yake imasiya nkhungu yoyera pagalasi ndi pa pulasitiki. Ofuna kuti zinthu ziziyandama pang'onopang'ono amathira glycerine wodzola uja m'kabotolo kotseka ndi silikoni, koma akadontha n'kufika pa magalasi ntchito yonse yabwerera pachiyambi.

Chimene chandisangalatsa kwambiri n'chakuti lamulo la 180 limalongosolanso za magalasi atatu. Ngodya zonse zitatu ziyenera kulimvera, komanso pamodzi zikwane 180. Zotheka ndi zitatu zokha: 60, 60, 60, kenako 45, 45, 90, ndi 30, 60, 90. Ina iliyonse imang'ambika kwinakwake. Ya 60 katatu ndi yosavuta, magalasi atatu ofanana a mamilimita 35 m'paipi yomwe ija, ngodya zimadzikhazika zokha bola kudula kukhale kolondola.

Pamene pakundizunguzabe mutu ndi pa magalasi atatu odulidwa mopapatiza mbali imodzi, otambalala kudiso n'kuwonda kumikanda. Chithunzi chimapindika n'kukhala mpira woyandama mumdima. Magalasi akapendekeka chotero, ngodya za pakati pawo zimaposa 60 pang'ono, kutanthauza kuti lamulo langa lathyoledwa pangodya zonse zitatu, ndipo misoko iyenera kukhalapo. Koma mpirawo umaoneka wosalala. Ndikuganiza kuti misokoyo ndi yaing'ono pafupi ndi pakati ndipo yaikuluyo yabisala kumphepete kumene kuwala kwatha kale, kapena mwina diso limangokhululuka likaona chinthu chozungulira. Chilembo F chiyenera kuulula, kungoti kumapeto kopapatizako malo ndi ochepa moti F wake amafunika wamng'ono ngati nyerere, ndipo pamenepo sindikudziwanso ngati ndikuyesa magalasi kapena maso anga.